Mbuna Zisanu za Mkamwini

A Katarina atamwalira, abale awo anapirira miyezi itatu yokha, kenaka anayamba kuwayang'ana a Dario ngati mbuzi ya eni yomwe yalowa m'munda. A Dario anali mkamwini. Anafika pamudzipo, kufupi ndi Chinakanaka, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ali ndi malaya amodzi ndi wailesi yosalira. Anakwatira Katarina, n'kumanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a akuchikazi. Ulonda anagwira ku esiteti ya tiyi mpaka maso anayamba kuchita chifunga. Malata a nyumbayo anagula ndi iwo, mapeyala anabzala ndi iwo, chimbudzi anakumba ndi iwo katatu konse. Koma mwambo suwerenga zimbudzi. Mkazi akafa, mwamuna amamusudzula: amamuthokoza, amamupatsa nkhuku ngati ali anthu aulemu, n'kumuonetsa njira ya kwawo.

Kwawo kwa a Dario, ku Mozambiki kuseri kwa Milanje, kunatsala mitengo ya mango ndi manda basi.

Amene ankafulumira kwambiri anali a Pilato, mlongo wa malemu, mwini mbumba. Nyumbayo ankaifunira Nilza, mwana wa mchemwali wawo wina, yemwe ankagona ndi ana anayi m'nyumba yodontha. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa peyala, uja anabzala a Dario, ndipo anakhala pampando womwe anakhoma a Dario.

Marcia, mwana yekhayo wa a Dario ndi a Katarina, anachedwa kufika. Ankagwira ntchito pahotela ina ku Limbe. Anatsika minibasi ndi chinthu chokulungidwa m'mabulangete, ndipo amuna awiri anachinyamula mpaka pabwalo. Atachivundukula, anthu anaona bokosi lagalasi lopanda kanthu, kutalika ngati benchi ya anthu atatu.

"Amalume," anatero Marcia, "nyumbayi inali ya amayi, ndiye tsopano ndi yanga. Si choncho?"

"N'choncho," anayankha a Pilato. "Koma iwe sukhalamo. Nyumba siigona yokha."

"Mugona nsomba zanga. Thanki iyi kuntchito aitaya, agula yaikulu. Ndiikamo nsomba, ndipo nsomba zimafuna mlonda. Ababa ndi mlonda."

A Pilato anaseka mpaka kutsokomola. Iwo nsomba ankaidziwa ili pa thandala la pamsika, youma, ntchentche zikuizungulira. Nsomba yamoyo m'galasi, kuno kuphiri, ankaona kuti siingathe mlungu.

"Chabwino, mwana wa mlongo wanga. Alamu akhale mpaka nsombazo zife. Ikadzafa yomaliza, anyamule. Koma zikhale zowerengeka, zisanu, ndipo osagula zina zolowa m'malo. Ndiziwerenga ndekha."

A Millie, mkulu wake wa malemu, mayi wogontha khutu limodzi yemwe mawu ake ankatseka nkhani zonse za mbumbayo, anafunsa kuti abwereze. Atabwereza, anagwedeza mutu. Nkhani inatha.

A Dario sanathokoze. Anaona kuti mwana wawo wawatsitsa kuchoka pa mwini nyumba kufika pa wantchito wa nsomba, ndipo anakayikira kuti mwina iye ndi amalume akewo anapangana kale. Komabe madzulo anathira ndowa zisanu ndi zitatu m'thankimo, n'kulumikiza kapampu ka mpweya ku sola monga anawalangizira Marcia asanakwere minibasi.

Lachisanu a Dario anapalasa njinga mpaka pa Chitakale. Pasiteji panali bambo wina dzina lake Spencer, yemwe ankabwera ndi nsomba zamoyo kuchokera ku Mangochi, kudzagulitsa m'malo ogona alendo okwera phiri. Marcia anali atamulipira kale pafoni. Spencer anatsegula bokosi lake, ndipo munali timatumba ta pulasitiki, kalikonse kali ndi madzi ndi nsomba zonga chala, zamitundu yomwe a Dario ankaiona pa zitenje zokha.

"Izi ndi mbuna, madala, nsomba za m'miyala. Thanki yanu ikulowa ndowa zingati?"

"Ukufunsiranji? Ukufuna udzaibe?"

"Ndikufuna ndidziwe zoti ndikupatseni."

"Zisanu ndi zitatu."

"Ndiye si yaikulu, si yaing'ono. Mverani. Tengani mtundu umodzi, izi zachikasuzi. N'zofatsa. Yaimuna imodzi, zazikazi zinayi. Zikhala zaka."

A Dario anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa.

"Mwamuna mmodzi pakati pa akazi anayi apachibale? Iwe, ukudziwa chomwe ukunena? Ine moyo umenewo ndaukhala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Lero lino njinga yanga yokha ndi imene ili kumbali yanga."

"Madala, izi ndi nsomba."

"Nanga iyi ya mizere yakudayi?"

"Imeneyo ayi. Ndi yandewu. Imafuna thanki yakeyake, kapena yaikulu kwambiri."

Apa a Dario anatsimikiza kuti munthuyu akubisa katundu wabwino kuti akagulitse kwa azungu. Wogulitsa akakuuza kuti ichi usagule, ndiye kuti n'chimene chili ndi moyo wautali. Ndipo iwo anali ndi nzeru zawo za ku esiteti. Kumeneko bwana sankaika alonda a mtundu umodzi pageti limodzi. Ankaika Mlomwe, Myao, Msena, kuti asamvane zoba. Anthu osadziwana amalemekezana. Achibale ndi amene amakhala pansi n'kupangana zochotsa mlendo.

"Undipatse amuna okhaokha," anatero. "Asanu, aliyense mtundu wake. Pasakhale wonena kuti kuno n'kwathu."

Spencer anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Madala, zimenezo ziphana. Yaimuna iliyonse imafuna malo ake. Mukaika choncho ndiye mwatsegula bwalo la nkhonya."

"Ndalama walandira kapena sunalandire?"

"Ndiye ikani miyala yambiri, mpaka pakati pa thanki, kuti yothawa izipeza pobisala."

"Pobisala! Ine ndagwira ulonda. Mlonda amalambula tchire, saonjezera."

Anabwerera ndi timatumba tisanu m'dengu la njinga: ya mizere yakuda, yabuluu, yofiirira, yamawangamawanga, ndi yachikasu imodzi yomwe anaitenga pongofuna kukwanitsa nambala. Ya mizereyo anaitcha Kapitawo chifukwa itangolowa m'madzi inazungulira ngodya zonse zinayi ngati ikuwerenga antchito.

M'mawa mwake a Pilato anafika ndi mpando wawo pamutu. Anaukhazika pabalaza, kutsogolo kwa thanki, n'kuwerenga ndi chala pagalasi.

"Zisanu. Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Musagunde galasi."

Tsiku lachitatu yabuluu inapezeka ikuyandama, chamimba chili kumwamba, zipsepse zitathothoka. A Pilato anavula chipewa.

"Pepani ndi zovutazi, alamu. Inali nsomba yabwino. Zinayi."

Anapempha kuti aitenge akawotche, a Dario anakana. Anaikwirira okha kuseri kwa chimbudzi, a Pilato ataimirira pambali monga mboni, poopa kuti mwina ingabwezedwe m'madzi n'kumangiriridwa ku ulusi. Anthu awiriwa sankakhulupirirana ngakhale pa mtembo.

Masana a tsiku lomwelo a Dario anapita kumtsinje ndi wilibala n'kubwera ndi miyala. Sanauze munthu kuti akutsatira mawu a Spencer. Anati akufuna thanki ilemere kuti akuba asainyamule. Koma Kapitawo anali atazolowera kale kuti dziko lonse ndi lake. Anatenga mulu waukulu wa miyala kukhala nyumba yake, mulu waung'ono kukhala khitchini yake, ndipo mchenga wapakati unali bwalo lake. Zinazo zinkakhala pamwamba, pangodya, mitu ili pansi, ngati anthu odikira kuitanidwa ku ofesi.

A Dario anayesa zonse zomwe mlonda amadziwa. Anafukula wenzulo yawo yakale n'kumaiimba nthawi iliyonse Kapitawo akayamba kuthamangitsa mnzake. Nkhuku zapabwalo zinkabalalika, Kapitawo osamva. Anamuunika ndi tochi m'maso dzuwa lili pamutu. Anamulankhula m'Chichewa, kenaka m'Chilomwe, kenaka m'Chipwitikizi chomwe anali atasiya kuyankhula kalekale. Anadula chithunzi cha ng'ona pa kalendala n'kuchimata pagalasi. Kapitawo anachiyang'ana, n'kupita kukaluma yofiirira.

Yofiirirayo inafa Lolemba. Yamawangamawanga inafa Lachinayi. A Pilato anayamba kubwera ndi mtedza wokazinga, ndipo anthu odutsa ankaima pawindo kufunsa kuti lero zili zingati. Ena ankachemerera Kapitawo. Nilza anabwera ndi chingwe kudzayeza mawindo, akuti akungofuna kudziwa za makatani.

"Nsomba imeneyi ndaikonda," anatero a Pilato akutafuna. "Ikudziwa kuti malo ali ndi eni ake."

"Ikufanana nanu kukamwa," anayankha a Dario.

Zinatsala ziwiri: Kapitawo ndi yachikasu ija, yomwe inkakhala m'kamphako kakang'ono, kutuluka pokhapokha pa chakudya. Tsiku lina a Dario anaona Kapitawo ataitulutsa, akuizungulira pamchenga, thupi lonse likunjenjemera, iyo nayonso ikuzungulira. Anadziwa kuti uku ndiye kupha kwa mwaulemu, kovina kaye. Anathamanga kukhola la nkhuku, anadula waya wa sefa, n'kuuimika pakati pa thanki ngati malire a mayiko. Kapitawo uku, yachikasu uko.

Kapitawo anagunda waya uja masiku awiri. Tsiku lachitatu, a Pilato ali pampando, Kapitawo anabwerera m'mbuyo, anathamanga, n'kudumpha. Anapitirira waya, anapitirira thanki yomwe, n'kugwera pasimenti pafupi ndi khomo. Tambala wa a Dario, yemwe sanagwirepo kanthu chibadwire, anamutola n'kuthawa naye kumunda wa nandolo.

Amuna awiri okalamba anathamangitsa tambala uja, wina kuti apulumutse nsomba, wina kuti aone mtembo. Atamugwira, nsomba inali itadutsa kale kukhosi kwake.

"Imodzi," anatero a Pilato ali wefuwefu, atagwira bondo.

Yachikasu inatsala yokha ndi dziko lonse, koma m'malo mosangalala inasiya kudya. A Dario akathira chakudya, inkabwera, kuchiyang'ana, n'kubwerera kumphako pakamwa pali potseka. Kukhosi kunayamba kutupa. Nthawi zina inkachita ngati ikutafuna, chonsecho sinadye kanthu. Anaimbira Spencer, foni inali yozima, zomwe sizinawadabwitse. Anapalasa njinga mpaka pa Chitakale kusitolo ya mankhwala.

"Ndikufuna mankhwala a chotupa cha pakhosi."

"Wodwala ali ndi zaka zingati, agogo?" anafunsa mayi wogulitsa.

"Sindikudziwa. Ndi wotalika chonchi." Anaonetsa chala.

"Ndi mwana wobadwa masiku osakwana?"

"Ndi nsomba."

Mayiyo anaitana mnzake wa kuseri kuti adzamve yekha, ndipo mnzakeyo anafunsa ngati wodwalayo wabwera ndi kabuku ka kuchipatala. A Dario anatuluka osatsanzika. Pobwerera ankaganiza za mtedza wa a Pilato. Munthu amadya mtedza pafupi ndi madzi a eni tsiku ndi tsiku popanda cholinga? Kuyambira tsiku limenelo anawalamula kuti azikhala manja ali m'thumba.

Panatha milungu iwiri ndi masiku angapo nsomba isanalawe kanthu. Inawonda, mutu wokha ndi umene unakula. A Dario nawonso anasiya kudya bwino. Ankakhala pafupi ndi galasi n'kumaiuza kuti kuseri kwa Milanje kulibe sola, kulibe pampu, kulibe ngakhale munthu woti angamufunse moni. Ankaiuza mokalipa, chifukwa kupempha sankakudziwa.

Loweruka m'mawa a Pilato anasuzumira, anaona nsomba ili duu pakati pa miyala, osagwedeza ngakhale mchira, ndipo anatuluka mothamanga. Pofika masana pabwalo panali a Millie, Nilza ndi mitolo yake iwiri ya ziwiya, ndi nkhuku yomanga miyendo yoti apatse wosudzulidwa. Nkhukuyo inali yoonda.

"Yafa," analengeza a Pilato.

"Sinafe. Ikuganiza."

"Nsomba yamoyo imayenda, alamu."

"Inunso mumakhala pampandopo tsiku lonse osayenda. Takuikani m'manda?"

A Millie analowetsedwa m'nyumba, anaika nkhope pagalasi, n'kunena kuti iwo akungoona miyala. Analamula kuti nsomba itulutsidwe, aione pafupi. A Pilato anapita kukhitchini ngati kwawo, n'kubwera ndi sefa ya tiyi. Anapinda malaya, analowetsa mkono, n'kuikola nsomba ija. Isanatuluke m'madzi inatsegula pakamwa.

Munatuluka kanthu kakang'ono kokhala ndi maso. Kenaka kena. Kenaka tambirimbiri nthawi imodzi, ngati munthu walavula mpunga, ndipo mpunga uliwonse unayamba kusambira.

"Mayo! Ufiti!" anakuwa a Pilato, n'kuponya sefa kutali. Sefa inagunda khoma, nsomba ili momwemo. Inagwa pansi, inaphiriphitha kamodzi, basi.

Nilza anali atathawira kale pakhonde. A Dario anatola nsomba ija n'kuiika pachikhatho. Anatenga foni n'kuimbanso kwa Spencer, ndipo ulendo uno, poti zinthu zinali zitaonongeka kale, foni inalowa.

"Aaa, madala, ndiye kuti inali yaikazi!" anafuula Spencer, onse akumva. "Zachikasuzo yaimuna ndi yaikazi zimafanana, ngakhale ine zimandisokoneza. Mbuna imasunga mazira m'kamwa mpaka aswe, n'chifukwa chake siidya. Bambo wake ndi wa mizere uja, palibenso wina. Zikomo kwambiri, mwalandira alendo!"

A Dario anadula foni. A Pilato anali atapezanso mtima wawo.

"Kaya yaikazi kaya yaimuna, yafa. Tinapangana zisanu, zisanu zatha. Alamu, nkhuku yanu iyo."

"Mwaipha ndinu."

"Sitinapangane za kafedwe."

"Nanga awa?" A Dario analoza m'thanki, momwe tiana tinali titaunjikana pansi pa mwala.

"Amenewo sitikuwadziwa. Sanali pamsonkhano. Ndi ana a wa mizere uja, mwamva nokha. Ndi obwera."

A Millie anatembenuza khutu lawo labwino.

"Pilato, wati ana ndi a yani?"

"A bambo wawo, achemwali. Wa mizere."

"Bwereza. Ndikufuna ndimve bwino, chifukwa ine ndakalamba pamudzi pano ndisanamvepo zimenezo. Ana ndi a bambo?"

A Pilato anayamba kupukuta mkono wonyowa uja pamalaya.

"Chifukwa ngati ana ndi a bambo," anapitiriza a Millie, "ndiye kuti Marcia ndi wa a Dario, si wako. Ndiye iwe pano ukudzatani? Ndipo ana ako asanu ndi awiri aja ali kwa mkazi wako ku Mulanje Mission, ukawatenge lero, uwapezere minda."

"Ayi, achemwali, ine ndimanena za nsomba."

"Ine ndikufunsa za ana. Amatsata ndani?"

"Amatsata mayi," anatero a Pilato motsitsa mawu.

"Mayiyu anali wa yani?"

"Wa Marcia."

"Anawa achita kugulidwa, kapena abadwira m'nyumba muno?"

"Abadwira muno."

"Ndiye ndi a pano. Nsomba za Marcia sizinathe. A Dario akhala."

A Pilato anayesa kuwerenga tianato kuti adziwe kutalika kwa tsoka lawo. Anafika pa khumi ndi zisanu ndi zitatu, tinabalalika, anayambiranso, anapeza makumi awiri ndi chimodzi. A Millie anali asanamalize.

"Ndipo ana amasiye a pambumba amawasamala ndi malume. Wawaphera mayi ndi dzanja lako. Madzi amenewa amasintha liti, a Dario?"

"Loweruka lililonse. Ndowa zitatu."

"Wamva, Pilato."

Nilza anasenza mitolo yake akung'ung'udza kuti iye makatani anali atasoketsa kale. Nkhuku anaitenganso. A Dario sanasangalale, chifukwa ankaona kale mavuto: ana a Kapitawo ndi a Kapitawo basi, miyezi ingapo adzayamba kuthothorana zipsepse, ndipo Spencer adzati gulani thanki ina, zomwe mwina ndi zimene ankafuna kuyambira pachiyambi.

Loweruka lotsatira a Pilato anafika kuchokera kumpopi ndi ndowa, thukuta lili kamukamu, n'kuitula pakhomo. Ankati aikweze kuti athire, a Dario anawagwira mkono n'kuwapatsa kapu.

"Yambani mwamwa."

"Alamu, ndi madzi a pampopi."

"Imwani ndione."

A Pilato anamwa. A Dario anawayang'anitsitsa kwa kanthawi, kudikira ngati angagwe. Ataona kuti aimabe, anathira madziwo okha pang'onopang'ono, n'kuwabwezera ndowa.

"Zatsala ziwiri. Ndipo iliyonse mudzamwa."